Tsiku Limene Satseka Anatseka

Galimoto ya buledi inkafika sikisi koloko m'mawa, ndipo kwa zaka zambiri inkabwera ndi mdala wina wokwiyakwiya, amene ankaponya makireti pakhonde ngati anayambana nawo. Koma Lolemba lina munatsika munthu wachilendo, wamtali, malaya osita bwino, cholembera pakhutu. Ananyamula makireti awiri mpaka m'kati mwa golosale, n'kufunsa mwaulemu poti aike.

Mwini golosaleyo anali mtsikana wosakwana zaka makumi atatu. Dzina lake lenileni anthu a mumsewumo anali ataliiwala. Onse ankangoti Satseka, chifukwa chitseko chake chinkakhala chotsegula kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, kaya mvula kaya dzuwa.

"Ndamva kuti inu ndinu a Satseka," anatero wabulediyo pomupatsa pepala loti asaine. "Nanga munthu akafuna kukuonani kunja kwa kauntala amatani?"

"Amagula mchere n'kumapita," anayankha Satseka osadzutsa mutu.

Wabuledi anaseka, anaguladi mchere, n'kumapita. Mawa lake anagulanso mchere. Pofika Lachisanu Satseka anamufunsa ngati kwawo amaweta ng'ombe, ndipo anangozindikira akuseka mokweza, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Abale inu, mtima wa munthu suvuta kuba. Mapaketi anayi a mchere basi!

Musafulumire kumunena mtsikanayu kuti ankakondetsa malonda. Golosaleyo anamusiyira ndi bambo ake. Bambowo atamwalira, iye anatseka masiku asanu kukalira maliro, ndipo pobwerako anapeza makasitomala onse atawolokera ku sitolo ya tsidya lina la msewu. Munthu akazolowera khomo lina sabwerera msanga. Zinamutengera chaka chathunthu kuti awabweze mmodzimmodzi, ndi moni komanso kumwetulira. Kuyambira pamenepo analumbira kuti loko wake sadzaonanso dzuwa, ndipo zaka zinayi zinadutsa osaphwanya lumbirolo.

Wantchito analibe, golosaleyo sikanatha kudyetsa anthu awiri. Katundu ankachita kumubweretsera pakhomo. Ankadya ali chiimire, supuni kudzanja ili, linalo likupima mafuta ophikira. Akafuna kupita kuseri ankagogoda khoma, kuti mayi wa telala amene ankasoka m'chipinda choyandikana amuponyere diso pakhomo. Dzino litamupweteka anangomanga mpango m'masaya n'kumagulitsabe.

Ngakhale ku ukwati wa mng'ono wake weniweni sanapite. Anagula diresi, analisita, koma m'mawa wa tsikulo miyendo inamufikitsa ku golosale. Mng'ono wakeyo anaimba foni kasanu ndi kawiri, kenako anasiya, ndipo sanaimbenso. Mwana atabadwa, Satseka anangomuonera pa chithunzi.

Ndiye chibwenzi chake ndi Wabuledi chinakulira m'kanthawi ka m'mawa, pakati pa makireti ndi matumba a shuga. Mphindi zisanu zinasanduka khumi, khumi zinasanduka makumi awiri, mpaka a masitolo ena anayamba kudandaula kuti buledi akuchedwa. Pakamwa pa munthuyo panali potsekemera. Ankamutchula bwana wanga, duwa langa, mwini mtima wanga. Iye anasiya msanga kunena kuti inu n'kuyamba iwe, koma Satseka ulemu sanausiye.

Tsiku lina anatsitsa m'galimoto kampando kamatabwa, n'kukaika kuseri kwa kauntala.

"Mfumukazi siima tsiku lonse," anatero. "Uzikhala apa, uzindidikira."

Satseka anatembenukira ku shelefu ngati akukonza zitini, kuti asaoneke misozi. Chimwalirireni bambo ake, palibe amene anaganizirapo za miyendo yake.

Masana foni inkalira pansi pa kauntala.

"Wadya, bwana wanga? Khala pansi ndithu, shuga sathawa."

"Lero ndadutsa masitolo makumi atatu, koma mtima ndausiya pa yoyamba."

Ndipo panali uthenga wina umene Satseka anauwerenga mpaka kuuloweza: "Ndidzakumasula pa kauntala imeneyo. Ndikulumbira, ndiwe wanga lero, mawa ndi mkuja. Palibenso wina."

Lachitatu linali tsiku lopuma la Wabuledi, ndipo pa tsikulo kunkabwera mdala uja. Madzulo nawonso Wabuledi sankaoneka. Ankati amakhala ndi mayi ake okalamba, odwaladwala, oti sangawasiye okha nthawi yaitali. Satseka anamukondera pomwepo. Mwamuna wosamala mayi ake angalephere bwanji kusamala mkazi?

Patatha miyezi isanu ndi umodzi anafunsa mwamanyazi kuti chibwenzichi chikulowera kuti. Wabuledi anagwira pamtima. Anati iye ndi wokonzeka ngakhale mawa, koma sangakwatire mkazi amene mayi ake sanamuone, ndipo mayiwo sangathe kukwera basi.

"Tseka tsiku limodzi lokha, duwa langa. Lachitatu limodzi. Ukwere minibasi mpaka kumapeto, utsike pa sukulu, uwerenge nyumba zitatu kuchokera pa mpope. Chitseko chobiriwira, pakhomo pali mtengo wa mapeyala. Amayi akudikira iwe."

Satseka anati sabata ya mawa. Sabata itakwana anati kumapeto kwa mwezi kumachuluka anthu, adikire pang'ono. Kenako anati ana akutsegulira sukulu, akufuna makope ndi mapensulo. Wabuledi sankakwiya. Ankangousa moyo, n'kubwerezanso njira ija ngati nyimbo: sukulu, mpope, chitseko chobiriwira.

Kamodzi kokha Satseka analimba mtima n'kunena kuti Lachitatu likudzali abwera ndithu. Wabuledi anasangalala, anamupsompsona dzanja. Koma potuluka ndi makireti opanda kanthu anatchula, ngati nkhani wamba, kuti a sitolo ya tsidya ija awonjezera buledi wawo, akuti makasitomala akuwachulukira. Lachitatu limenelo Satseka anatsegula kusanache bwino.

Manyazi ankamudya, ndipo ankawaphimba ndi katundu wa pashelefu. Sabata iliyonse ankalongedza kajumbo: chitini cha mkaka wa ufa, sopo, mafuta odzola, ndi phala la m'paketi, poti Wabuledi anati amayi satafuna bwino. Chilichonse chinali ndi chizindikiro chake, chifukwa iye anatengera bambo ake chizolowezi cholemba mtengo pa chivundikiro ndi cholembera chofiira, n'kuuzunguliza kamzera. Popereka jumboyo ankati akawapepesere amayi.

Mayi wa telala ankaona zonsezi atapana mapini pamilomo. Tsiku lina anachotsa mapiniwo.

"Mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Bambo ameneyu Lachitatu sagwira ntchito. Iwe sungachoke, chabwino. Nanga iyeyo chimamuletsa n'chiyani kudzakhala pa benchi apa ola limodzi?"

Satseka anapsa mtima. Anati azakhali sakudziwa kuvuta kodwazika munthu wokalamba, ndiponso wolakwa ndi iye mwini, amene akuitanidwa koma sapita. Mayiwo anangobwezera mapini pamilomo. Masiku atatu khoma silinagogodedwe, ndipo Satseka anavutika ndithu.

Chimene chinamugwetsa ndi uthenga wa Lolemba lina. M'mawa wa tsikulo anali atafunsanso za ukwati, ndipo Wabuledi anachoka osatsanzika. Masana foni inalira.

"Ndatopa kukonda munthu wa kuseri kwa kauntala. Amayi amafunsa tsiku ndi tsiku, ndiziwauza chiyani? Ngati golosale ikundiposa, undiuze. Koma usandifunsenso za ukwati usanaponde pakhomo pathu."

Anauwerenga ataima pamaso pa makasitomala. Wina amene ankafuna singano anamupatsa machesi. Mng'ono wake anamutaya kale chifukwa cha chitseko chimenechi. Ataye ameneyunso? Adzakalambe yekhayekha, akupimira anthu ena mpunga wa pa maukwati awo?

Lachiwiri madzulo anagogoda khoma n'kuwauza azakhali a telala aja kuti mawa satsegula. Makina osokera anaima. Koma Satseka sanamuuze Wabuledi. Ankafuna akaone yekha nkhope yake akamupeza ataima pa chitseko chobiriwira chija.

Anadula katoni ya sopo n'kutenga cholembera chofiira. Anawononga zidutswa ziwiri. Chachitatu chinalembedwa kuti: LERO NDATSEKA. MAWA NDITSEGULA. PEPANI.

Lachitatu m'mawa anabweza mdala uja ndi buledi wake, ndipo mdalayo anaiwala kukwiya n'kumufunsa ngati akudwala. Anavala diresi lija la ukwati wa mng'ono wake, limene linali lisanavalidwepo. Analongedza jumbo yaikulu kuposa masiku onse. Kenako anapachika chikwangwani, n'kukhoma chitseko dzuwa likuwala.

Asanafike pa siteji anacheuka. Anaona aphunzitsi ena opuma ntchito, kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku, ataima pakhomo akuwerenga. Anaonanso mayi wina akuwoloka msewu kupita ku sitolo ija. Miyendo inafuna kubwerera, koma kondakitala anali atamulanda kale jumbo, ndipo analowa.

Ali m'njira foni inalira. "Wadzuka bwanji, mwini mtima wanga? Pepa za Lolemba. Ndikukuona m'maganizo utakhala pa kampando kathu. Amayi akupereka moni."

Anamwetulira yekha ngati wozungulira mutu. "Ndili pa kauntala," anayankha. Linali bodza lake loyamba kwa iye, ndipo linamukomera.

Zonse zinali monga mwa nyimbo ija. Sukulu inalipo, mpope unalipo, chitseko chobiriwira chinalipo. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali mzimayi wa msinkhu wake, mwana kumbuyo, akuchapa m'beseni. Pachingwe panali malaya a ntchito a Wabuledi, pambali pake matewera.

Satseka anaodira. Anadziuza kuti ameneyu ndi mlongo wake wa Wabuledi, kapena mlendo, kapena woyandikana nawo amene wabwereka chingwe. Mtima ukafuna kunamizidwa susowa zifukwa.

Mzimayiyo anapukuta manja, anamupatsa mpando pakhonde, n'kumufunsa kuti amuthandize chiyani. Satseka anati wabwera kudzaona amayi odwala aja, mayi awo a bambo oyendetsa galimoto ya buledi.

"Apongozi anga?" anadabwa mzimayiyo. "Anatisiya kalekale, chaka chino n'chachisanu. Mwina sanakuuzeni bwino. Koma bambo a mwanayu ndi amene amayendetsa ya buledi. Angopita kukameta, abwera pompano."

Satseka anamva ngati khonde likupendekeka. Anayang'ana kumbali kuti abise nkhope, ndipo maso ake anagwera pawindo. Pamenepo panali zitini za mkaka zopanda kanthu, zotsukidwa bwino, zitandanda kuyambira uku mpaka uku. Chilichonse chinali ndi manambala ofiira pa chivundikiro, ozunguliridwa kamzera. Linali dzanja lake lomwe.

Mzimayi uja naye anali atasuzumira m'jumbo, ndipo nkhope yake inawala.

"Ooh, mwachokera kwa agogo a golosale. Akutumani ndi iwowo?"

Mzimayiyo anapitiriza mosangalala. Anati amuna ake amawasimba kwambiri agogowo: munthu wokalamba, wosungulumwa, wopanda mwana kapena m'bale, amene satseka golosale ngakhale tsiku limodzi. Agogowo amawatenga amuna akewo ngati mwana wawo, poti amawanyamulira makireti. Anati ngakhale kampando ka pakhonde pano amuna ake anakatenga kukawapatsa, chifukwa miyendo imawapweteka. Kangapo konse iye wapempha kuti apite akawathokoze, koma amuna ake amati agogowo sakonda alendo.

"Mukawauze kuti mwanayu wakulira mkaka wawo," anatero, akutembenuka kuti mlendo amuone mwanayo. "Mulungu awadalitse."

Kamwanako kanamuyang'ana Satseka n'kuseka. Mphuno inali ya bambo ake.

Kenako kunamveka mluzu. Wabuledi anatulukira pakona atameta bwino, foni m'manja. Atamuona anaima chilili. Satseka anayembekeza kuti mwina apepesa, mwina anama, mwina athawa. Koma mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake anali amodzi okha.

"Watseka?"

Pamenepo Satseka anamvetsa zonse. Munthuyu sanamusankhe chifukwa cha maso ake kapena kaseke kake. Anasankha mkazi womangidwa pa kauntala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, woti sangamulondole, sangamufufuze, sangamutulukire mwadzidzidzi. Ankamuitana molimba mtima, mpaka kumuuza njira yeniyeni, chifukwa ankadziwa kuti sadzabwera. Akaona kuti wayamba kugwedezeka, ankangomukumbutsa za sitolo ya tsidya. Ndipo mlandu wonse ankausenzetsa iye, mpaka iye n'kumapepesa.

Anaimirira. Mawu anatuluka bwinobwino.

"Achemwali, agogo aja ndine. Ndinauzidwa kuti muno muli mayi wodwala amene akufuna kuona mpongozi wake. Zotsalazo muwafunse eni ake." Anaika jumbo pafupi ndi beseni. "Izi ndi za mwana. Iyeyu sanandinamize."

Mzimayi uja anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanatukwane. Anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo Satseka anamumvera chisoni kuposa mmene ankadzimvera yekha.

Wabuledi anamutsatira mpaka pa mpope, akunong'ona kuti duwa langa ima kaye, ndikufotokozere, si mmene ukuganizira. Anthu otunga madzi anasiya zidebe n'kumayang'ana.

"Sindinkaganiza kuti ungabwere," anatero pomaliza, ngati kuti pamenepo ndiye pali chilungamo chake.

"Ndikudziwa," anayankha Satseka. "N'chifukwa chake munkandiitana."

M'minibasi sanalire. Anafika mumsewu wake dzuwa lili pamutu. Chikwangwani chinali pomwepo, chikugwedezeka ndi mphepo. Mayi wa telala atangoona nkhope yake anachotsa mapini pamilomo, koma sananene kuti ndinakuuza. Anamukhazika pa benchi, anamuvula nsapato, n'kumupatsa madzi. Pamenepo ndiye misozi inakhuthuka, ndipo analira monga analirira bambo ake.

Atatonthola, mayiwo anamufotokozera za m'mawawo, mwina pofuna kumukhazika mtima pansi. Anthu anabwera, anawerenga, anang'ung'udza. Ena anawolokadi msewu. Koma aphunzitsi aja anati shuga wawo adikira mawa, ndipo ambiri anangofunsa ngati mwini wake ali bwino. Palibe chinapsa, palibe chinagwa.

Zimenezi zinamubayanso mwa mtundu wina. Ndiye kuti chitsekochi chinali chotheka kutseka? Zaka zinayi anakana chipatala cha mano, anakana ukwati wa mwana wa mayi ake, ndipo tsiku limodzi lokha limene analimba mtima kutseka analipereka kwa munthu wabodza.

Mayi wina anafika n'kusangalala kuti wamupeza. Anapempha kuti amutsegulire, akufuna sopo yekha basi. Satseka anatulutsa makiyi mwachizolowezi. Anaimirira wopanda nsapato, anafika mpaka pa loko. Theka la tsiku linali likadalipo, ndipo madzulo ndi pamene malonda amayenda. M'chikwama foni inkalira, kusiya, n'kuliranso. Ankadziwa woimbayo.

Anayang'ana chikwangwani chija ndi zilembo zake zokhotakhota.

"Pepani, mayi," anatero. "Palembedwa kuti mawa."

Anabwezera makiyi m'chikwama, anazimitsa foni, n'kuvalanso nsapato. Mayi wa telala anamufunsa kuti akupitanso kuti ndi maso otupa choncho. Iye anati kuli munthu wina amene ankamuitana zoona, mpaka anatopa.

Anakwera minibasi ina, chimanjamanja, wopanda jumbo, wopanda mphatso. Nyumba ya mng'ono wake anachita kufunsira, chifukwa anali asanapondepo. Nanga akakamutsekera chitseko? Akanakhala iye, akanamulandira munthu wotero? Anagogoda katatu.

Mng'ono wakeyo anatsegula atanyamula mwana. Anayang'ana maso otupa aja, anayang'ana dzuwa, ndipo mantha anamugwira.

"Achemwali, masana ano? Wamwalira ndani?"

"Palibe," anatero Satseka. "Ndangotseka. Diresili ndinagulira ukwati wako. Ndachedwa nalo, koma ndabwera."

Mng'ono wakeyo analiyang'ana diresi lija. Kenako anatambasula manja n'kumupatsa mwanayo.